Chaka Chimene Pao-chu Anatumiza Mipopi Yosawala

Nien Pao-chu anabadwa m'nyengo yomweta mpunga woyamba (kumeneko amabzala kawiri pachaka), m'mudzi wina kummawa kwa tauni ya Lukang, kumene mphepo ya kunyanja imafika mchere utaithera. Amayi ake ankati tsiku limenelo bwalo lonse linali mpunga woyanika, moti mzamba anachita kuyenda chokhudza khoma kuti asauponde.

Chaka chimene anayamba sukulu, bambo ake anagulitsa nkhumba zonse, nasesa khola, naikamo ng'anjo yosungunulira mkuwa. Sanali okha. Pang'onopang'ono makola ndi nkhokwe za m'mudzimo zinavala malata, ndipo pakati pa minda panamera timafakitale topanga mipopi ya madzi. Achule ankalira mbali iyi, makina mbali iyo, ana n'kuzolowera kugona pakati pa ziwirizo.

Mpopi sunkathera pakhomo limodzi. Banja lina linkaumba, lina linkasema mazinga, lina linkapala mpaka usalale, lina linkadula timphira toletsa kudontha. Pomaliza unkapita kwa a Shih kukanyikidwa m'matanki a mankhwala, n'kutulukamo utavala khungu lowala ngati siliva. Timalole tabuluu tinkangozungulira ndi madengu, pakhomo ili kutsitsa, pakhomo ilo kukweza. Pepala losainirana panalibe. Ntchito ankapangana akumwa tiyi, ndipo munthu akati Lachinayi, linali Lachinayi.

Pao-chu anakula akusankha timphira m'lichero la amayi ake. Atasinkhuka, ankapalasa njinga kupita ku Changhua kukaphunzira Chingerezi, chifukwa makalata ochokera kunja anayamba kufika ndipo m'mudzi monse munalibe wowawerenga. Anakwatiwa ndi dalaivala wa kalole kabuluu, munthu woseka, amene sanakhalitse pa dziko. Anamusiyira mwana mmodzi wamkazi, amene tsopano ndi namwino ku Taichung. Bambo ake a Pao-chu atamwalira, fakitale inatsala m'manja mwa ana awiri. Achimwene ake, a Tien-sung, anatenga makina. Iye anatenga foni. Anthu ankati pakhomo pa a Nien wina ndi manja, wina ndi pakamwa.

Mwa makasitomala onse a kutsidya kwa nyanja, wakale kwambiri anali bambo Osvaldo a ku Chile. Anakumana nawo pa chionetsero cha zamalonda ku Taipei, tsitsi la Pao-chu lisanayambe imvi. Bamboyo anatola mpopi umodzi, naupotokola, nauzira mpweya ngati chitoliro, kenako anaitanitsa makatoni ochepa oyesera. Kuyambira pamenepo sanadumphitse chaka. Ankagulitsa mipopiyo kwa eni masitolo a zipangizo zaulimi kwawoko, ndipo nyengo zawo zinali zotembenuka: kuno kukamatentha, kwawo ankaotha moto. Choncho katundu wawo ankayenera kuchoka padoko mango akamayamba kupsa, kuti awoloke nyanja yaikuluyo ndi kufika mphesa za kumeneko zisanaphukire. Mlimi amagula mpopi asanayambe kuthirira. Ukafika mochedwa, umagona m'sitolo chaka chathunthu, ndipo mwini sitolo amafuna wina womugulitsa.

Oda ya bambo Osvaldo ndiyo inkayendetsa makina a a Nien miyezi yonse yozizira, ndi makina a makomo ena angapo pamodzi nawo.

Ndiyeno panadza chaka chimene namondwe sanabwere. Anthu amamutukwana namondwe akamasasula madenga ndi kugwetsa nthochi, koma ndiye amadzaza madamu. Chaka chimenecho anangodutsa kutali. Nyengo yozizira inatha kuli gwa. Pofika nthawi yowokera mpunga, madamu anali ataonetsa matope a pansi, ong'ambika ngati chidendene cha mlimi. Boma linauza alimi a m'chigawocho kuti mpunga woyamba asaubzale. Ngalande zinauma, akakowa n'kumayenda m'menemo osadziwa chotola. M'nyumba madzi ankatuluka masiku ena, masiku ena ayi. Ku kachisi anthu anavala zoyera nagwada padzuwa kupempha mvula, ndipo Pao-chu anagwada nawo mpaka maondo anatupa.

Sitima nazonso zinali zosowa chaka chimenecho. Malo a kontena imodzi Pao-chu anawapeza atachita kupembedza, ndipo amene anamupezera anamuuza mosabisa kuti akaphonya imeneyo, ina idzapezeka nyengo ya bambo Osvaldo itapita.

Mipopi yonse inali itaumbidwa, itasemedwa, itayesedwa ndi mpweya kuti sikudontha. Inali itatsala pakhomo lomaliza. Koma ntchito yonyika imamwa madzi kuposa munda: mpopi uliwonse umatsukidwa, n'kunyikidwa, n'kutsukidwanso, kangapo konse. Pabwalo la a Shih madengu anaunjikana mpaka kutseka mazenera.

Mwini wake tsopano anali Shih Chin-lai, amene anakhala benchi limodzi ndi Pao-chu ku pulayimale. Pao-chu anamupeza atakhala pa thebulo la tiyi, akudzipepesa ndi chidutswa cha katoni.

“Wafika mayi wa Chingerezi,” anatero Chin-lai. “Khala pansi. Tiyi alipo, koma kapu usatsuke, madzi ndi a golide.”

“Mutu wako ukuwala kuposa mipopi yanga, Chin-lai. Unaunyika liti?”

“Uwu ndi wa chibadwire, sufuna madzi.”

Anamwa kapu yoyamba akukamba za mwendo wa mayi ake a Chin-lai. Yachiwiri anakamba za mwana wa Pao-chu. Pa yachitatu m'pamene Pao-chu anayang'ana kubwalo.

“Madengu anga ali pati?”

“Uko, kuseri kwa a anthu ena. Usandiyang'ane choncho, ndinayamba ndi amene anabwera poyamba. Madzi ndikuchita kugula pa magalimoto a matanki, nawonso amabwera akafuna.” Anaika kapu pansi. “Sindikunamiza, mnzanga. Sitima yako isananyamuke ndingakuchitire gawo lochepa. Yambiri itsala.”

Pao-chu anabwerera pa njinga yake yamoto, fumbi likumulowa m'mano.

A Tien-sung anamva nkhaniyo ali chiweramire pa makina, osatembenuka.

“Umuuze Osvaldo kuti palibe vuto.”

“Vuto lilipo, achimwene.”

“Mvula ya mapulamu, ija imagwa zipatso za mapulamu zikamapsa, ili pafupi. Chaka chiti inalephera? Ikagwa, Chin-lai agwira usana ndi usiku, zonse zitheka. Ukamuopseza panopa mzunguyo, mawa lomwe apita kwa ena. Mafakitale a mipopi atha pa dziko?”

“Nanga ikapanda kugwa?”

“Iwe, pakamwa pako paja pamatidyetsa, lero pasatiphe.”

Mawu akuti palibe vuto Pao-chu anali atawanena kambirimbiri pa moyo wake, ndipo nthawi zambiri ankakhala oona pomaliza, chifukwa makomo a m'mudzimo ankathamanga mpaka mawuwo asanduke oona. Koma kuthamanga sikugwetsa mvula. Anaganiza za munthu wokalamba uja, kutali, akulonjeza eni masitolo ake ndi mtima woyera, podalira mawu ochokera pakamwa pake. Ngati zikanika, bola adziwe nthawi ikanalipo yoti n'kufuna kwina, ngakhale kwinako kukhale kutaya kasitomala.

Mmawa mwake, dzuwa litangokwera pamwamba pa malata, anaimba foni ku Chile. Kwa bambo Osvaldo kunali kutangoda, ndipo nkhope yawo inaoneka pa foni atavala juzi yokhuthala. Onse awiri Chingerezi chawo chinali chophunzira ukulu, choyenda ndi ndodo, koma chinali chitawafikitsa patali.

Anawauza zonse: za madamu, za matanki a Chin-lai, za sitima imodzi yokhayo. Sanakometse. Bambo Osvaldo anavula magalasi napukuta m'maso.

“Mayi Pao, ndili ndi anthu amene ndinawauza kale kuti adikire. Ena anakana katundu wa anthu ena chifukwa cha ine.”

“Ndikudziwa, bambo. N'chifukwa chake ndaimba lero, osati mwezi wamawa.”

“Chatsala n'chiyani kwenikweni?”

“Kuiveka khungu lowala lija. Zina zonse zinatha.” Kenako anafunsa funso limene sanafunsepo zaka zonsezo, ndipo analifunsa chabe chifukwa chosowa chonena. “Kodi mipopi yathuyi ikafika kwanuko imakakhala pati?”

“Pati? M'minda. Pa mitengo yozika, m'fumbi, m'matope. Ina amaimanga ndi waya. Agalu amaikodzera.” Anaseka pang'ono. “Ya m'nyumba ndi yochepa, ija ya chogwirira chaching'ono. Yotsalayo pakangotha mwezi simungadziwe kuti inali yowala.”

“Ndiye mumaitanitsiranji yowala?”

“M'kabuku kanu ka zithunzi muli yowala yokhayokha. Ndinkayesa ina simupanga. Inu mumaiwalitsiranji?”

“Tinkayesa ndi imene mumafuna.”

Anayang'anana pa foni, anthu awiri a imvi, kenako onse anaseka, kuseka kwa manyazi.

“Madzi imagwira?” anafunsa bambo Osvaldo.

“Uliwonse unayesedwa.”

“Tumizani ya m'minda momwe ililimo. Ya m'nyumba yokha ndiyo iwale. Koma mayi Pao, chinthu chimodzi. Ifike yoyera, yachikasu bwinobwino. Ikafika ndi mawanga akuda, eni masitolo anena kuti ndawagulitsa yakale, ndipo pamenepo ine ndi inu tonse tagwa.”

Pao-chu anatsitsa foni. Ankayesa chovuta chatha. Chinali chisanayambe.

A Tien-sung anazimitsa makina kuti amve bwino, ndipo atamva anafiira mpaka m'khosi.

“Mpopi wosavala? Uli ndi dzina la bambo athu pamsana, upite kunja uli maliseche?”

“Mwini wake wavomera.”

“Mwini wake sakhala m'mudzi muno. Mawa kumsika azidzati a Nien agwa, ayamba kutumiza ntchito yosatha. Kuyambira pa khola la nkhumba paja, pakhomo pano sipanatulukepo chinthu chosawala.” Anatola mpopi umodzi mwa imene inatsala pa benchi, nauyandikiza kumaso kwa mlongo wawo. “Taona. Kachipsera aka, kamzere aka. Mkuwa wopanda chovala suubisa kanthu. Ndipo madengu uwatenga bwanji kwa Chin-lai? Waganizapo?”

Anali ataganizapo, ndipo n'chimene chinkamulemera kwambiri. M'mudzimo munthu sankapita kukatenga dengu lake pakhomo pa mnzake ntchito isanathe. Wochita zimenezo ankakhala akunena pamaso pa onse kuti ubale wa makomo awiriwo watha, ndipo madalaivala a timalole ankafalitsa nkhaniyo dzuwa lisanapendeke. Mabanja ena anasiya kulankhulana mpaka adzukulu chifukwa cha dengu limodzi.

“Achimwene,” anatero mofatsa, “sankhani inuyo. Kumsika atiseke mwezi umodzi, kapena makina awa akhale chete miyezi yozizira, athu ndi a anzathu omwe.”

A Tien-sung anabweza mpopi uja pa benchi. Anatuluka, nakaima m'mphepete mwa ngalande youma akusuta. Atabwerako anapita molunjika pa gudumu lopalira, nalitsegula, nayamba kupala kachipsera kaja.

“Ngati ipite choncho,” anatero mokweza kuti apose phokoso, “uliwonse udutse m'manja mwanga. Wachipsera sukwera sitima.”

Kuvomera kwawo kunali kumeneko.

Kwa Chin-lai Pao-chu anapita wapansi, kuti kalole kasaoneke pabwalo nkhani isanakambidwe. Ananyamula tiyi wa kumapiri amene mwana wake anamupatsa pa chaka chatsopano. Chin-lai anaona paketiyo nakweza nsidze.

“Tiyi wodula chonchi? Wabwera kudzandifunsira ukwati kapena kudzandipha?”

“Ukwati ndi iwe? Mkazi wako anavutika kale mokwanira.”

Anamwa. Pao-chu anazungulira, nakamba za akakowa, nakamba za Chile, mpaka mawu anamuthera. Ndiye anafotokoza zimene anagwirizana ndi bambo Osvaldo. Chin-lai anamvetsera akuzunguza kapu yopanda kanthu pa thebulo.

“Ndiye wabwera kudzatenga madengu.”

“Ya m'minda yokha. Ya m'nyumba ndikupempha undinyikire ndi madzi amene uli nawo.”

“Bambo ako sanatengepo dengu pano. Ngakhale chaka chija bambo anga anagona m'chipatala, anadikira.”

“Ndikudziwa.”

“Ukudziwa.” Anadzuka, napita pazenera, naima chofulatira. Pao-chu anaona kuti msana wa mnzakeyo wayamba kupindika, monga unkapindikira wa bambo ake. Anafuna kunena kuti asiye, aiwale, koma anadziluma lilime.

Chin-lai analankhula osatembenuka. “Uitumiza bwanji? Momwe ililimo, ndi mafuta a makina ndi thukuta la zala za achimwene ako?”

“Tiipukuta.”

“Mupukuta! Iwe Chingerezi chinakudya ubongo. Mkuwa wosavala ukakhala m'kontena panyanja, kutentha masana, chinyezi mmawa, ufika wakuda ngati mphika. Mzungu wako adzalira.” Anatembenuka. “Umafunika kuutsuka m'mankhwala owawasa, kenako kuuviika m'ena oletsa kuda, n'kuumitsa ndi mpweya wotentha. Thanki limodzi likwana, ndipo madzi ake ndi ochepa, osafika n'komwe pa a kunyika. Ndili ndi thanki lakale kuseri, nkhuku zimaikiramo.”

Pao-chu anangoti kukamwa yasa.

“Tseka pakamwa, mulowa ntchentche. Madengu ako satuluka pano osatha. Atuluka nditawagwira ine, pa kalole kanga, ngati masiku onse. Wofunsa umuuze kuti ndi mtundu watsopano wa Shih, wa makasitomala a kunja. Tione amene aseke.”

“Chin-lai...”

“Usalire pano, misozi ndi madzi, boma likumanga.”

Nkhuku zinasamutsidwa tsiku lomwelo. Madengu oyamba atabwerera kwa a Nien, mipopi inali yachikasu chofewa, ngati mpunga wakucha dzuwa likamapendeka. A Tien-sung anautembenuza umodzi nthawi yaitali, kenako anauika m'thumba la malaya.

Koma Chin-lai anali atalamula kuti mpopi uliwonse ukulungidwe pawokha m'pepala loletsa chinyezi, ndipo dzanja lopanda golovesi lisaukhudze. Yowala ija ankangoiponya m'timatumba, koma iyi inali ntchito ya manja ambiri, ndipo antchito a fakitale anali owerengeka. Pao-chu anakulunga mpaka zala zinauma, mulu osaoneka kuchepa.

Amene anamupeza ali choncho anali azakhali ake, a Bong-chi, mlongo wa malemu bambo ake, amene moyo wawo wonse sanasiye munda. Chaka chimenecho, koyamba chikhalire, nyengo ya mpunga inawapeza alibe chogwira. Ankangoyendayenda m'mudzi manja kumbuyo, chipewa cha nsungwi kumutu ngati akupita kumunda.

“Ukukulunga ngati ukuveka mtembo,” anatero ali pakhomo. “Tabweretsa ndione.”

Anavala magolovesi, napinda pepala kamodzi, kawiri, napotokola kumapeto, monga amakulungira mpunga m'masamba a nsungwi pa chikondwerero. Mpopi unabisika wonse.

“Azakhali, msana wanu...”

“Msana wanga ukuwawa chifukwa chokhala. Dikira.”

Anapita, nabwerako ndi anzawo a m'minda, amayi ndi abambo okalamba, aliyense atanyamula kampando kake. Anakhala mozungulira pansi pa denga la malata, zipewa zili kumutu, nayamba. Ntchito inayenda monga inkayendera yowokera, wina kupereka, wina kukulunga, wina kulongedza, pakamwa posapuma.

“Madzi a minda yathu anapita ku mafakitale,” anatero a Bong-chi, “ndiye ife tawatsatira konkuno.”

“Anapita ku mafakitale akuluakulu, azakhali. Ife tikusamba m'kapu ngati inu nomwe.”

“Kodi amene agule izi ndi alimi?” anafunsa bambo wina wopanda mano akutsogolo.

“Alimi a mphesa.”

“Madzi ali nawo?”

“Akuti a chipale chosungunuka kumapiri.”

Bamboyo anagwedeza mutu, nayang'ana mpopi uli m'dzanja lake. “Chabwino. Wina athirire chaka chino.” Ndipo anaukulunga mosamala kuposa poyamba.

Masana Pao-chu ankawagulira chakudya cha m'timabokosi, mpunga ndi nyama ya nkhumba ndi dzira, ndipo a Bong-chi ankadandaula tsiku lililonse kuti mpungawo ndi wa chaka chatha. Mapeto a tsiku lililonse ankajambula makatoni odzaza n'kutumiza chithunzi ku Chile, osawonjezera, osachepetsa. Tsiku limene thanki la Chin-lai linadontha ndipo ntchito inaima, anatumiza chithunzi cha thanki lodonthalo.

Mvula inabwera tsiku lokweza kontena. Kunayamba ndi fungo, lija la fumbi lonyowa, kenako malata anayamba kulira mmodzimmodzi, kenako chinali chiphokoso choti munthu sangamve mnzake. Makatoni anali pabwalo. Aliyense anathamanga ndi mapulasitiki, Chin-lai akukuwa kuti dontho limodzi lisalowe, a Tien-sung atakumbatira katoni ngati khanda. Zonse zitalowa ndipo zitseko za kontena zitatsekedwa, anthu sanabwerere m'denga. Anaima pamvula pomwepo. A Bong-chi anavula magolovesi, nawaika pa kampando, nauyamba wa kumunda osatsanzika.

“Waona?” anatero a Tien-sung, madzi akutsika m'masaya. “Ndinati igwa.”

“Yagwa, achimwene.”

“Yachedwa koma.” Anapukuta kumaso. “Ikanatipha.”

Sitima inanyamuka. Ngalande zinadzaza, achule anabwerera ngati sanachokepo, ndipo alimi anawokera mpunga wachiwiri. Pao-chu analibe chochita koma kudikira. Ankadutsa m'minda mmawa, mbande zikusanduka zobiriwira kwambiri sabata ndi sabata, maganizo ali m'kontena yotsekedwa pakati pa nyanja, kumene palibe akanatha kutsegula pepala n'kuona ngati mkuwa wayamba kuda. Kumsika ena anasekadi. Wina anamufunsa ngati a Nien ayamba kugulitsa mipopi yosapsa. Anamuyankha kuti akafunse kwa a Shih.

Foni inalira mpunga utayamba kutulutsa ngala, manyumwa atadzaza m'misika kudikira chikondwerero cha mwezi. Bambo Osvaldo anali m'nyumba yawo yosungira katundu, makatoni otsegula ali mbwee kumbuyo kwawo. Sananene moni. Anangoyandikiza mpopi ku foni, nafunyulula pepala pang'onopang'ono. Unali wachikasu monga unachokera.

“Katoni imodzi ya pakona inalowa chinyezi,” anatero. “Imeneyo ndasunga, ndiika kumunda kwa mlamu wanga. Yotsala yonse yapita, magalimoto anyamuka dzulo. Mitengo yangoyamba kuphukira, mayi Pao. Tafika pa nthawi yake.”

Pao-chu anakhala pansi pa dengu lovundikira.

“Ndani anakulunga chonchi? Anyamata anga akuti akuchita manyazi kung'amba.”

“Alimi, bambo. Alimi a mpunga.”

“Muwauze kuti alimi anzawo alandira.” Anatsokomola. “Chaka chamawa ndikufuna yomweyi, ndipo yochulukirapo. Eni masitolo akuti alimi akuikonda, akuti ukaona mkuwa umadziwa chimene wagula. Yowala munditumizire ya m'nyumba yokha.”

Anathokoza, natsitsa foni. Chimwemwe chinali chachikulu, koma pansi pake panali kamwala: ntchito yonyika imene banja la a Shih linkachitira a Nien chaka ndi chaka inali itachepa mpaka kalekale.

Anabwereka kalole, nakadzaza manyumwa, nayenda khomo ndi khomo. Kwa osema mazinga, kwa odula timphira, kwa amene anamupezera malo pa sitima. Anapita kumunda kwa a Bong-chi, amene analandira linyumwa, nalinunkhiza, nati chaka cha chilala zipatso zimatsekemera, kenako anamuthamangitsa kuti akuwapondera mzere. Anafunafuna bambo wopanda mano uja mpaka anamupeza akutsegula ngalande, namuuza uthenga wa ku Chile mawu ndi mawu. Bamboyo anavula chipewa, osadziwa kuti achivulire ndani, nachivalanso.

Kwa Chin-lai anafika pomaliza. Pabwalo panali poyera, matanki onse akugwira ntchito, madzi akuyenda m'ngalande ya simenti. Anatsitsa manyumwa, nakhala pansi, namuuza zonse, zabwino ndi zinazo, osadikira kapu yachitatu.

Chin-lai anaboola linyumwa ndi chala chachikulu, nayamba kusenda.

“Ndiye kuti ndinadzichotsera ntchito ndi manja anga omwe.”

“Ukanapanda iwe, bwenzi pano tikugulitsa makina.”

“Ndikanadziwa ndikanaisiya ide.” Anamupatsa chigawo cha chipatsocho. “Idya, usandiyang'ane ngati ndamwalira. Thanki la nkhuku lija silinapume chichokereni iwe. Makomo awiri abwera kale kudzafunsa za mtundu watsopano wa Shih, ena mwa omwe ankakuseka kumsika. Phindu lake ndi lochepa, koma silidikira namondwe.”

“Ndiye madengu a chaka chamawa ndibweretse?”

“Ukawapititse kuti? Bweretsa mpunga wachiwiri ukamwetedwa, ndisanadzaze. Ndipo uwauze achimwene ako achepetse mafuta pa makina, akundithera mankhwala.”

Pao-chu analuma chipatsocho. Chinali chotsekemera, ndi kakuwawa pang'ono kumapeto, ndipo anadya chonse.